Abakha a Nyimbo ya a Mbewe

Ndikakumbukira a Mbewe, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera, nthunzi ya simbi pa nsalu yonyowa, ndi fumbi lopserera kumbuyo kwa TV yaing'ono imene analumikizako kompyuta yawo. Anali telala wa ku Ntcheu, ndipo ankakhala chipinda choyandikana ndi chathu ku Pinetown, kudziko la eni. Kompyutayo anaitola ku fakitale ya zovala, pamodzi ndi katoni ya madisiki, abwana atati zatha ntchito.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pabwalo ponse ndi ine ndekha amene ndinagwirapo kompyuta kusukulu. Loweruka lina m'mawa anandiitana ndi mawu osasa.

"Iwe Yohane, Lolemba akanding'amba pakhosi. Adokotala akuti mawu mwina sadzabwerera. Pali nyimbo imene ndinapekera malemu akazi anga, sindinailembe paliponse. Chinthuchi chingaisunge?"

M'katonimo tinapezamo mapulogalamu atatu opekera nyimbo. Yoyamba inadzaza TV ndi manambala. "Eish, iyi ndi nyimbo kapena mayeso a samu?" anatero. Yachiwiri inkafuna manotsi a pamizere isanu, pomwe iwo kukwaya anaphunzira do re mi basi. Anaikakamira ndithu, poti inkaoneka ya akuluakulu. Tinalimbana nayo mpaka dzuwa kupendeka, koma zotuluka zake zinali ngati mahutala a pasiteji ya matekisi.

Yachitatu inali ya ana. Ukadina batani, bakha wachikasu ankalira pomwepo n'kukhala pamzere.

"Ine, ndi imvi zonsezi, ndiziimba ndi abakha?"

"Ankolo, iyi mukalakwitsa mumva nthawi yomweyo. Ndiponso mawa ndi Lamlungu."

Anasisita pakhosi. Kenaka anadula tepi ya pepala ndi sizasi yawo, namata pa mabatani asanu ndi atatu, nalemba do mpaka do. "Bola aimbe," anatero.

Lamlungu lonse ankang'ung'udza, n'kudina ndi chala chimodzi, ine ndikuchotsa abakha olakwika. Titamaliza, ndinasunga pa madisiki awiri n'kuzimitsa kompyuta, kuti tione ngati yasungadi. Nditayatsanso, disiki inakukuta kwa nthawi yaitali, a Mbewe atagwira mphepete mwa tebulo. Kenaka abakha anabwera onse, nayamba kuimba.

Anapuma mpweya wautali. Munthu amene sankayerekeza kulankhula Chichewa mumsewu, poopa anthu odana ndi alendo, anatsegula zenera n'kukweza TV mpaka kumapeto. "Muno mulibe mawu. Ndani angadziwe kwathu?"

Kuchipatala anabwerako amoyo, koma akungonong'ona. Kwa zaka zisanu abakhawo ankaimba tsiku ndi tsiku kuseri kwa khoma lathu, mpaka amayi ankadandaula.

Kompyutayo inafa kalekale, ndipo madisiki ali m'kabati mwanga, opanda chowawerengera. Sindida nawo nkhawa. Dzulo ndinamva mwana wanga wamkazi, amene sanawaonepo a Mbewe, akuimba nyimbo ija mwa likhweru potsuka mbale, osaphonya ngakhale bakha mmodzi.