Mayi Amene Ankabwera Kudzatong'ola Nandolo

"Amake Tadala, mwana akakhumudwa mumangokhala naye pansi osamupanikiza ndi mafunso. Munaziphunzira kuti zimenezi?" Anandifunsa choncho a Nabanda, oyandikana nawo nyumba ku Sadzi kuno, tikuyanika zovala. Ndinangoseka, koma kumene ndinaziphunzira ndimakudziwa bwino.

Ndikukumbukira tikukhala ku Matawale, ine ndili Sitandade 4. Loweruka lina nthawi ya dzinja amayi anandituma kukachapa kumtsinje wa Mulunguzi, ndipo mng'ono wanga Mphatso, wazaka zitatu, ananditsatira. Dzuwa linkawala, miyala ikutentha kumapazi, sopo akununkhira. Sindinaone kuti pamwamba pa phiri kwada ndi mvula. Madzi anabwera mwadzidzidzi, ofiira, atasenza nthambi, Mphatso akusewera pamwala wapakati. Anamukokolola, ine n'kutsala nditagwira chitenje chonyowa m'manja.

Kwathu mwana sankauzidwa za maliro. Tsiku lomwelo ananditumiza kwa azakhali ku Chikamveka, ndipo nditabwerako aliyense ankandiuza kuti Mphatso wapita kumudzi ku Mulanje. Chonsecho ndinali nditaona ndi maso angawa. Ndinaganiza kuti akundinamiza chifukwa akudziwa kuti ndinamupha ndine. Kuyambira pamenepo pakamwa panga panatsekeka. Kusukulu ankandipatsa chibalo chifukwa chosayankha, mpaka ndinasiya kupita. Anandipempherera, anandimwetsa zowawa, osathandiza. Amayi chakudya ankandipatsa, koma kumaso sankandiyang'ana, ndipo anasiya kundiluka tsitsi.

Patatha chaka ndi theka, Lachinayi lina, mzimayi wina wa kutchalitchi anatibweretsera mayi Chikopa, amene ankagwira ntchito ya uphungu kuchipatala. Ine ndinkayembekezera jakisoni. Iwo anangopempha mphasa ndi lichero la nandolo amene amayi anathyola m'mawa, n'kukhala pakhonde pafupi nane. Anandiuza kuti sandikakamiza kuyankhula, ndipo ndikatopa nawo ndingodzuka ndizipita. Ndinawayesa, ndinadzukadi. Lachinayi linalo anabweranso nthawi yomweyo, osakwiya.

Kutong'olako sankatha n'komwe. Nandolo wambiri ankagwa pansi, moti abambo ankang'ung'udza kuti munthu wophunzira chonchi amachoka kuchipatala kudzanenepetsa nkhuku zathu. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawalanda khoko n'kuwaonetsa mmene timang'ambira ndi chala chachikulu. Anathokoza ngati ndawapatsa chinthu chachikulu. Ankandiuza za tsiku lawo, za minibasi yodzaza, za anyani amene anawalanda nthochi kuphiri. Za mtsinje sanafunsepo. Mvula ikawaza pamalata ine n'kuyamba kunjenjemera, ankangonena kuti thupi likukumbukira, si misala, ndiponde pansi ndimve kuti pakhonde m'pouma.

Ndinazindikira mochedwa kuti akamaliza ndi ine ankalowa kukhitchini kukakhala ndi amayi. Lachinayi lina anatuluka onse, amayi atanyamula chipeso. Ndinakhala pakati pa mawondo a amayi. Tsitsi linali litapotana, chipeso chinkawawa. Mayi Chikopa anakhala chapotero ndi lichero lawo.

"Mwana wanga, Mphatso sanapite ku Mulanje, anamwalira," anatero amayi. "Ndine ndinamulola kuti akutsatire. N'chifukwa chake ndimalephera kukuyang'ana. Iwe sunalakwe."

Mawu anga anatuluka osasa, ngati a munthu wachimfine. Ndinafunsa kumene anamuika. Mayi Chikopa sanaombe m'manja kapena kuitana abambo. Anangoti ndikafuna kukaona manda, tsiku ndisankhe ndekha. Tinapita mwezi wotsatira, amayi atandigwira dzanja njira yonse.

Masiku ano zinthu zasinthako. Za uphungu timazimva pawailesi, ndipo pamaliro ena ndimaona akulu akutengera ana pambali n'kuwauza zoona m'mawu oti angamve. Makolo anga sindiwaimba mlandu, ankachita zimene anazipeza ndipo ankati akunditeteza. Kusukulu ndinabwerera nditatalika kuposa onse m'kalasi, n'kulekezera Sitandade 7. Mtsinje unatenga Mphatso tsiku limodzi. Kubisa kuja kunanditengera zaka ziwiri za sukulu, anzanga amene ndinayamba nawo, ndi zaka pafupifupi ziwiri zimene amayi anali m'nyumba momwemo koma ine ndilibe mayi.