Timu ya a Harold Inali Yaikulu

Ndinaganiza zochoka pa Likoma chaka chimene usipa unavuta. Mwamuna wanga anali atawolokera ku Cobue ndi mkazi wina, ine ndinatsala ku Yofu m'nyumba ya bambo anga ndi ana awiri, ndikuyanika nsomba za eni ake pa thandala kuti andigawireko. Msuweni wanga Dorika, amene anakwatiwa ku America, anandiimbira foni nati, "Esnati, kuno kuli ntchito yosamalira okalamba. Bwera ngati mlendo wanga, zinazo tidzaonera konkuno." Ndinadziwa bwino lomwe tanthauzo la mawu akuti zinazo. Ndinavomerabe.

Bambo anandiperekeza mpaka padoko. Anali mphunzitsi wopuma, munthu wosachulutsa mawu. Boti lotitengera ku sitima litafika anangoti, "Ana usawadere nkhawa, alamu ako alipo." Alamuwo ndi Agnesi, mkazi wa achimwene anga. Ndi amene anatsala ndi ana anga komanso ndi bambo, poti achimwene amakhalitsa pa nyanja.

Ndinakafikira mumzinda wina wa ku Indiana. Dorika anandipezera nyumba ya nkhalamba ina, a Harold, imene mkazi wake anali atamwalira. Mwana wawo, a Karen, ankakhala kutali ndipo ankabwera Lachisanu kudzandipatsa malipiro pamanja. Viza yanga inatha ndili m'nyumba imeneyo. A Karen ankadziwa, ine ndinkadziwa kuti akudziwa, koma palibe anatchulapo. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse yoyenda pang'onopang'ono mumsewu wathu ndinkaisuzumira pawindo. Zinyalala ndinkatulutsa mothamanga. Kutchalitchi ndinasiya kupita.

A Harold anali chimunthu chodzaza khomo. Khosi lawo linali lofanana ndi ntchafu yanga, zala zopindikapindika chifukwa chothyoka kambirimbiri. Ali mnyamata ankasewera mpira mu timu ya pakoleji yawo. Si mpira wathu uno ayi. Wawo ndi wooneka ngati dzira, amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, anzawo n'kumawagunda ndi mapewa ndi mitu mpaka agwe. Madokotala anati kugundana kumeneko ndi kumene kunawononga bongo wa a Harold. Ankaiwala kuti adya, ankaiwala kuti mkazi wawo anamwalira, koma dzina langa analigwira, ngakhale ankalifupikitsa kuti Essie.

Chinandidabwitsa n'chakuti matimu amene anthu ankawafera sanali a mizinda, anali a makoleji. Ana asukulu ndi amene ankasewera, koma bwalo linkadzaza anthu oposa a pa Likoma ndi Chizumulu kuphatikiza. Loweruka mzinda wonse unkavala mtundu umodzi. Ndiye panali mkangano umene sunkatha. Pa tivi pankakhala azibambo a mataye akutsutsana kuti ndi makoleji ati amene matimu awo ndi akuluakulu chikhalire, ngati a kubanja lachifumu. Wina ankati tiwerenge zikho. Wina ankati ayi, timu yaikulu ndi imene yakhala ikuopedwa kuyambira nthawi ya agogo mpaka lero osadukiza. Amene ayamba kupambana posachedwa ankawatcha obwera, ngakhale apambane chotani. Panalinso gulu lachitatu, matimu amene anali oopsa kalekale koma anagwa. Timu ya a Harold inali m'gulu limeneli. Koleji yawo inali m'chigawo china, ndipo ya mumzinda umene tinkakhala inali imodzi mwa zimene aliyense ankaziwerenga m'gulu la akuluakulu popanda kutsutsa. Zimenezi zinkawadya mumtima a Harold.

Masiku amene mutu wawo unali bwino ankandikhazika pansi n'kumandionetsa chipewa chawo cholimba chosewerera, chimene chinkakhala pa shelefu.

"Essie, ife tinkatenga zikho awa asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Ukumva?"

"Ndikumva, bambo."

"Munthu akakalamba amasiya kukhala mwana wa mfumu?"

"Sasiya."

"Nanga bwanji akutichotsa?"

Kunena zoona zinalibe nane ntchito. Koma ndinaphunzira kumvetsera azibambo a pa tivi aja kuposa mmene ndinkamvetserera ulaliki, chifukwa mtendere wanga wa tsikulo unkadalira zimene anene.

Mpaka pano, ndikamadutsa ku Chipyela n'kumva anyamata akukangana pakhomo la nyumba yoonetsera mpira kuti timu yaikulu ndi iti, nthiti zanga za kumanzere zimandikumbutsa. Iwo amaseka pokangana. Ine ndimafulumiza mwendo.

Linali Loweruka masana. Bambo wina pa tivi anatchula koleji ya a Harold, naseka, nati mbiri yosungidwa m'makabati si ukulu, ana a lero sadziwa n'komwe kuti timuyo iliko. Ndinaona makutu a a Harold akufiira. Ndinanyamuka kuti ndikazimitse tiviyo, nditanyamula mtsamiro umene ndinkafuna kuwaikira kumsana. Sindidziwa chimene anaona. Mwina mtsamirowo unasanduka mpira m'maso mwawo. Anawerama, natsitsa phewa, nandithamangira. Ndinangomva ngati ndagundidwa ndi ng'ombe, kenako ndinali pansi pambali pa tebulo, mpweya osalowa.

Anaima pamwamba panga akupuma mwamphamvu. Ndinatseka maso, ndikuganiza kuti ana anga adzamva bwanji kuti ndafera pa kapeti ya mzungu chifukwa cha mpira. Kenako ndinamva akulira.

"Essie, wakupweteka ndani? Ndiuze, wakupweteka ndani?"

A Karen atabwera anafuna kunditengera kuchipatala. Ndinakana. Kuchipatala amafunsa dzina, amafunsa kumene umakhala. Dorika anandimanga nsalu pachifuwa n'kundigulira mapilitsi, ndipo kwa milungu ingapo ndinkagona chokhala. Kumudzi ndinatumiza uthenga wa mawu pa foni wonena kuti ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira, n'chifukwa chake ndikulankhula motsitsa. Agnesi anayankha kuti nawonso ali bwino, ndalama zafika, fizi ya ana alipira, njerwa za nyumba yanga awotcha. Ndikapempha kulankhula ndi bambo, ankati apita kutchalitchi, kapena agona, kapena netiweki ikuvuta. Ndinkakhulupirira. Ndinali wotanganidwa ndi mantha anga.

Kuchokera tsiku limenelo sindinawafulatirenso a Harold. Ndinkaphika chammbali, diso limodzi lili pa iwo. Loweruka ndinkabisa rimoti n'kunama kuti tivi yawonongeka, koma nthawi zina ankaipeza. Ndinaganizapo zothawa. Koma kupita kuti? Nyumba ina ndi anthu ena, mafunso ena. Apa ndiye ndinkadziwa chimene ndikuopa.

Mapeto ake anafika nyengo ya chisanu, chija chimagwa choyera ngati ufa n'kukwirira chilichonse. Linalinso Loweruka. Ndinali m'chipinda chapansi kuchapa zofunda, makina akuchita phokoso. Nditakwera ndinapeza chitseko chakumaso chili pululu, mphepo ikulowa, tivi ikulankhula yokha. Chipewa chija panalibe pa shelefu. Jekete lawo linali pa msomali, nsapato zawo zili pakhomo. Anatuluka ndi masilipasi.

Ndinathamanga kutsata mapazi awo, koma chisanu chinali chikugwabe ndipo pa mphambano anafufutika. Kumunsi kwa msewuwo kunali mtsinje. Ndinaitana dzina lawo mpaka mawu anauma. Ndinaimbira a Karen, iwo anali kutali, ulendo wa maola. Anati, "Essie, imbira apolisi. Chonde, imbira pompano." Ndinaimbira Dorika. Iye anati, "Usayerekeze. Akakufunsa mapepala udzati chiyani? Tseka nyumbayo ubwere kuno, mwana wawo aimbe yekha."

Ndinaima pakati pa msewu, foni ili m'manja, zala zitafa. Ndinaganiza za nyumba yanga ya ku Yofu imene inali itangofika pa mawindo. Ndinaganiza za zimene ndinkamva, za anthu otsekeredwa miyezi asanawakweze ndege. A Karen akanatha kuimba, inde, koma sankadziwa chimene bambo awo avala, kapena mbali imene alowera, kapena nthawi imene atuluka. Wodziwa ndinali ine. Ndinaimba.

Galimoto ya polisi itaima pakhomo, ndinakhala pa masitepe. Wapolisi wamkazi anandifunsa dzina langa, nalilemba. Anandifunsa kuti ndine ndani m'nyumbamo. Ndinati ndimawasamalira. Anandiyang'ana kanthawi, ine ndikudikira funso lotsatira. Silinabwere. Anafunsa kuti nkhalambayo ingapite kuti.

"Kumene kuli bwalo la mpira," ndinatero.

Anakawapeza pa mpanda wa bwalo la sukulu ya ana, atakhala pansi m'chisanu, chipewa chili kumutu, silipasi imodzi itatayika. Anawauza apolisiwo kuti akudikira basi ya timu. Anakhala ndi moyo, koma zala zina za kuphazi anazidula.

Tsiku limenelo sanandigwire. Koma dzina langa linali litalembedwa, ndipo anati kubwera anthu aboma kudzaona mmene nkhalambayo imasamalidwira. A Karen nawo anachita mantha, poti kundilemba ntchito kunali kulakwira lamulo. Anawapititsa bambo awo kunyumba yosungirako okalamba, ine anandigulira tikiti. Dorika anati ndikabisale m'chigawo china, ambiri amatero. Ndinayesa kuganiza zoyambiranso kuyang'ana pawindo galimoto iliyonse, thupi langa linakana.

Ndinapita kukatsanzikana nawo. Anali pa njinga ya olumala, mankhwala atawafooketsa, manja aja ali lende. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Essie. Atiwerenga?"

"Akuwerengani, bambo. Anena pa tivi."

Anagwedeza mutu, natseka maso.

Pa sitima yochokera ku Nkhata Bay ndinali ndi mantha ena. Ndinkaopa pakamwa pa anthu, kuti uja anapita ku America wabwera ndi chikwama chimodzi, nyumba yopanda denga. Milambe ya pachilumba itayamba kuoneka, ndinakonzekera kusekedwa. Koma padoko palibe anandiseka. Anthu ankandipatsa moni n'kuyang'ana kumbali, ngati mmene amachitira ndi munthu amene sanamve uthenga wa maliro.

Ana anali atakula, ali bwino. Agnesi ndiye anali atatha thupi, ndipo pamwamba pa diso lake panali chipsera chimene sindinachisiye. Titafika kunyumba ndinaona chitseko cha chipinda cha bambo chili ndi loko, ndipo lokoyo inali kunja.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Agnesi anatsegula. Bambo anali atakhala pa bedi, atavala taye pamwamba pa malaya ovala chogadamiza. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja. Anandiyang'ana mwaulemu nati, "Mwabwera kudzalembetsa mwana? Malo atha, mayi."

Tinakhala pa khonde, Agnesi akusenda chinangwa kuti manja akhale ndi chochita. Anati zinayamba chaka chotsatira nditachoka. Poyamba kunali kuiwala mayina, kenako kuyendayenda. Tsiku lina anawapeza ku Mbungo akukankhira bwato la eni ake m'madzi. Chipseracho bambo anamumenya ndi ndodo pamene ankawaletsa kutuluka, ankamuyesa mwana wasukulu wamwano. Koma chimene chinabweretsa loko ndi cha ku Khuyu. Anawapeza m'mamawa kuseri kwa nyumba ya munthu atavula, ndipo anyamata ena anayamba kunena kuti ndi mfiti yagwa paulendo. Ena anali atatola kale miyala. Anawapulumutsa ndi msodzi wina amene bambo anamuphunzitsa kalekale, anawafunditsa malaya ake n'kuwaperekeza mpaka kuno.

"Bwanji simunandiuze?"

"Achimwene anu anati mukamva mubwerera, ana asiya sukulu."

"Nanga inu munkagona bwanji?"

"Sindinkagona," anatero, akupitiriza kusenda.

Ndinamufotokozera zimene madokotala a kunja amanena, kuti ndi matenda a bongo, si ufiti, si tsoka la banja. Ndinamuuza za a Harold, za mtsamiro, za nthiti zanga. Ndinamugwiritsa dzanja pamene fupa linalumikizana mokhota. Nthawi yonse ija ndinkadziona ngati ndine ndekha mwa anthu a ku Yofu amene akugona ndi mantha m'nyumba ya nkhalamba. Sindinkadziwa kuti kwathu komwe, mkazi wa eni ake ankasambitsa bambo anga, kuwathamangira m'njira ndi kuwatchinga ku miyala, kwinaku akundiuza pa foni kuti zonse zili bwino.

Agnesi anaika mpeni pansi.

"Ndiye kumeneko, ntchito yomweyi, ankakulipirani?"

"Ankandilipira."

"Zingati pa mlungu?"

Ndinamuuza. Anayang'ana makoko a chinangwa pa mapazi ake. M'chipinda muja bambo anali atayamba kugogoda chitseko, akuitana kuti belu lalira, ana alowe m'kalasi. Agnesi anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake, natulutsa kiyi, naiika m'dzanja langa. Kenako analowa m'nyumba, nakagona, dzuwa lili pamutu.