Kalasi ya Abambo

Lero ndasenda nachesi m'basi, ndipo fungo lake landibwezera kwathu kwa Nthache.

Abambo anga ankagulitsa manachesi kumsewu, ngakhale Lamulungu. Amayi akawakumbutsa za kalasi ya ubatizo, ankangoti, "Akatha manachesiwa ndiyamba." Manachesi ankatha, zaka n'kumapita.

Anadzayamba kalasiyo chaka chomwe anatisiya, chifuwa chitawagwira kale. Njinga inali itawakanika, choncho tinkakwera wapansi chitunda cha kutchalitchi. Ankapumira pamwala uliwonse, m'chifuwa mukulira ngati mluzu.

Tsiku lina kukuwaza mvula, amayi anawaletsa. "Mudzapita sabata yamawa, bambo, thupi lakana."

"Mawamawa anandidyera zaka," anayankha abambo, akufunafuna nsapato.

Pa tsiku la ubatizo anagwada pakati pa anyamata ndi atsikana, jekete likulendewera m'mapewa. Madzi anayenderera mpaka m'khosi. Anzawo onse anadzuka, koma iwo miyendo inakana. Nyimbo inkapitirira. Amayi anachoka kumbali ya azimayi, nakagwada pafupi nawo, n'kuwapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Musafulumire," anawanong'oneza. "Tidzukira limodzi."