Keke ya ku Joni pa Mbaula ya Amayi

Chivundikiro chija chilipobe. Ndi chachitsulo, chakuda bii, chopindika pakati chifukwa cha makala amene tinkachiunjikira, ndipo masiku ano amayi amatsekera nacho kabowo ka khola la nkhuku. Ndikachiona ndimamva fungo la koko wopserera. Anthu ena akamakumbuka ubwana wawo amakamba zokoma. Ine ndimakumbuka keke imene inatikana nyengo yonse yotentha.

Ndinali mtsikana wa Sitandade 4, kwathu ku Mkhumba, nandolo atauma m'minda, mabulosi atayamba kuda mumtengo wa kuseri kwa bafa. Bambo anali ku Joni. Anapita ndili wamng'ono kwambiri, moti mawu awo ndinkawadziwa kuposa nkhope yawo. Ankaimba foni Lamlungu tikabwera kutchalitchi. Lamlungu lina anati abwera kudzationa mvula isanagwe, ndipo amayi atawafunsa zimene amadya kumeneko, anayamba kutama keke inayake. Anati dzina lake bulawuni. "Inu simungaidziwe," anatero. Ndinamva ndekha, chifukwa foni ya amayi inkalankhula mokweza ngati wailesi.

Foniyo sinkaonetsa zithunzi, choncho bambo anatumiza chithunzi cha kekeyo pa foni ya aphunzitsi, mayi wachitsikana amene ankakhala m'nyumba ya sukulu pafupi ndi kwathu. Tinapita tonse kukaona. Ine ndinakhumudwa. Keke yake inali yosafufuma, yakuda ngati dothi la kudambo, yoduladula timagawo, pamwamba pali mizere yofiira yokhotakhota. Inali pambale yoyera, ndipo m'mbali munkaoneka zala za munthu amene anagwira mbaleyo, nsonga zake zofiira psuu. Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Anapempha aphunzitsi kuti awaonetse kakulitsidwe ka chithunzi ndi zala. Anakulitsa, anabweza, anakulitsanso. Potuluka anangoti, "Ndiphika."

Muyenera kudziwa kuti amayi sanali munthu wamba pa nkhani ya moto. Chigumu chawo chinkatha pamsika dzuwa lisanafike pamutu. Uvuni tinalibe, ndipo sitinaufunepo. Ankaika poto pambaula, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro, ndipo lamulo lawo linali limodzi: uthyole kamtengo ka tsache, ubaye pakati, kakatuluka koyera ndiye kuti chapsa. Kakatuluka ndi phala, bweza pamoto. Anaphunzira choncho kwa amayi awo, ndipo palibe mkazi wa m'mudzi mwathu amene akanatsutsa.

Aphunzitsi anawerenga kaphikidwe kake pafoni, akumasulira m'Chichewa. Majarini wosungunula. Shuga wambiri wochititsa mantha. Mazira, koko, fulawa pang'ono chabe. Soda ayi.

"Keke yopanda soda?" amayi anafunsa. "Werenganinso bwino, aphunzitsi."

Anawerenganso. Soda munalibe. Mizere yofiira ija anati ndi zipatso zotchedwa rasibere, zimene palibe anazionapo, koma zinkaoneka ngati mabulosi. Basi mtengo wa kuseri kwa bafa unasanduka wanga. Ndinkakwera ndikaweruka, dzuwa likuwotcha pamsana, nyerere zikundiluma m'miyendo. Tinkawiritsa mabulosiwo ndi shuga mpaka alimbe, n'kuwasefa. Zala zanga zinali zofiira nyengo yonseyo. Sopo ankalephera, ndipo m'kalasi anzanga ankati ndapha nkhuku.

Koko anabwera naye malume, mchimwene wawo wa amayi, amene ankapalasa kabaza pa Boma. Anazungulira magolosale onse mpaka anapeza kachitini kamodzi kafumbi kuseri kwa shelefu. Malume yemweyo ndiye anali nkhoswe ya ukwati wa amayi. Popereka kachitiniko anagwedeza mutu. "Achemwali, zimenezi n'zachani? Alamu anakulira kalongonda ndi chinangwa." Amayi anatsegula kachitini, ananunkhiza, anatseka.

Keke yoyamba inapserera pansi, pamwamba pali madzi. Ina amayi anathiramo soda mobisa, inafufuma n'kusanduka chigumu chakuda, mizere yofiira yonse inamira. Anakwiya, ndipo amayi akakwiya ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, kulankhula ndi poto ngati munthu. Kenako anatulukira nzeru yothira mchenga m'poto wamkulu n'kukhazika mbale yachitsulo pamwamba pake kuti moto usafike mwaukali. Zinathandiza. Koma nthawi iliyonse akabaya kamtengo, kankatuluka ndi phala lakuda, ndipo ankabweza pamoto, n'kubayanso, n'kubwezanso, mpaka kamtengo katuluke koyera. Pamenepo keke inkakhala itauma ngati makaka a chinangwa. Ndinkadya ndine. Nsagwada zinkandiwawa, koma shuga ndi shuga.

Sindinkamvetsa chilichonse. Nandolo amene tinkayenera kusunga ankapita kumsika kuti tigule majarini. Mazira amene nkhuku inkayenera kufungatira ankathera m'mbale. Chigumu cha pamsika amayi anasiya. Ndiponso madzulo ankapitabe kwa aphunzitsi kukaona chithunzi chija, ngakhale kaphikidwe kake anali atakaloweza kale kuposa mmene ine ndinalowezera mataimusi. Ndinkaganiza kuti pali chinsinsi china cha mizere ija chimene akufuna kuchigwira. Ndinkaima pambali pawo n'kumathandiza kuyang'ana. Uchitsiru wa ana ndi wotero.

Tsiku lina inatheka, koma mwangozi. Mbuzi za aneba zinalowa m'dimba, amayi anaphula poto mwachangu n'kuthamangira komweko, ndipo anachedwa chifukwa panabuka mkangano. Keke inazizira yokha pakhonde. Ine njala inandipweteka, ndinadula pakona ndi mpeni. Pamwamba panali kakhungu kopyapyala kosweka ngati matope ouma a m'mphepete mwa Chilwa. Mkati munali mofewa, molemera, momata m'mano, mowawira pang'ono, ndipo pamene panadutsa mabulosi pankawawasa mokoma mpaka m'makutu. Ndinali ndisanadyepo chinthu chotero, ndipo sindikunama. Ndinadula kagawo kena n'kuthamangira kwa aphunzitsi. Analuma, anatseka maso, anabwera nane kwathu akuthamanga ndi patapata.

"Mayi, ndi imeneyitu! Musaikhudzenso. Alemba kuti izikhala yomata chonchi."

Amayi anathyola kamtengo ka tsache, anabaya pakati, anakatukula kuti tonse tione. Kanali ndi phala.

"Yosapsa," anatero.

"Imayenera kutero, mayi."

"Aphunzitsi, inu simunakwatiwe. Mwamuna wachoka ulendo wonsewo, ine ndimupatse chosapsa? Mawa mudzi wonse umva kuti mkazi uja anaiwala ndi kuphika komwe."

Anakolezanso makala, anaunjika pachivundikiro. Ine ndinalira, ndipo ndinalandira khofi pamutu. Mpaka lero sindidziwa kuti wolakwa anali ndani. Foni inkanena zoona, koma foni sinkakhala m'mudzi mwathu. Kwathu mkazi wopereka chakudya chosapsa amasekedwa pachitsime mpaka adzukulu ake, ndipo amayi ankaopa kusekedwa nyengo imeneyo kuposa nyengo ina iliyonse.

Bambo anafika masana, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana pa phiri la Michesi. Malume anawatenga pa kabaza kuchokera pa Boma, chikwama chachikulu chamizeremizere chili kumbuyo. Anali onenepa, onunkhira, atavala jekete lachikopa kutentha konseko. Ananditchula dzina mondifunsa, ngati sakutsimikiza. Anandipatsa nsapato zapinki zimene sizinalowe ngakhale chidendene. Amayi anapha tambala, anaphika mpunga wa ku Chilwa, anavala chitenje chatsopano. Atatha kudya, anabweretsa tiyi ndi keke pambale ya alendo, anagwada, anaika patebulo. Mmawa umenewo anali atabaya kamtengo mpaka katuluke koyera, kenako anawonjezera makala ena kuti asakayike. Mizere yofiira inali itada, yosaoneka n'komwe.

Bambo analuma. Phokoso lake tinalimva tonse. Anaseka, anagogoda kagawoko patebulo.

"Amake mwana, iyi ndi njerwa. Imafunika yofewa mkati. Uja amaiphula msanga, n'kuisiya izizire yokha."

Ine ndinasangalala. Ndinafuna kufuula kuti ndinanena ine, ndi aphunzitsi omwe. Koma palibe amene anaseka nawo. Malume anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Uja ndani, alamu?"

Bambo anamwa tiyi. Anati wakuntchito. Malume anafunsanso kuti wakuntchito wake amaphika m'khitchini ya ndani, ndipo bambo anayamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Amayi ananyamula mbale ija, anandipatsa yonse, anati ndikadyere panja. Nkhope yawo inali yosadabwa. Chimenecho ndicho chinandisokoneza kwambiri: munthu wavutika nyengo yonse, keke yake yanyozedwa, koma akuoneka ngati wangomva zimene ankadziwa kale.

Masiku otsatira kunabwera akuluakulu a kwawo kwa bambo. Anakhala ndi malume pansi pa mango, ine ankangondituma kumjigo ngakhale ndowa zonse zili zodzaza. Bambo ankagona kwa abale awo. Mvula yoyamba isanagwe, anakwera minibasi pa Boma. Kabaza ya malume sanakwerenso, anayenda pansi. Foni ya Lamlungu inalira kangapo, kenako inasiya. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa, ndi nkhani yomweyi. Pano ndimakazinga mandasi pa Boma. Keke ija ndinaiphikapo ndili wamkulu, pambaula, ndi mchenga ndi chivundikiro chobwereka. Ndi yosavuta. Mwana akhoza kuiphika. Zimenezo ndiye zimandipsetsa mtima.

Koma panthawiyo ndinali ndi yankho langa. Tsiku limene bambo anapita, ndinawapeza amayi akukwecha poto uja ndi mchenga, ndipo ndinawauza nzeru yanga yonse. Ndinati koko watsala pang'ono m'kachitini, mabulosi akadalipo kunsonga, tiphikenso, tiiphule msanga ngati tsiku la mbuzi lija, tijambule pafoni ya aphunzitsi, titumize, bambo abwerera. Amayi anandiyang'ana. Anagwira dzanja langa, anaona zala zanga zofiira zija, anaziona nthawi yaitali ngati mmene ankaonera chithunzi. Kenako anati, "Kasambe m'manja," n'kupitiriza kukwecha.

Ndinakhulupirira kwa zaka kuti bambo anachoka chifukwa cha kamtengo ka tsache. Ndinkawakwiyira amayi mumtima chifukwa cha liuma lawo. Zala za pachithunzi zija ndinaziona bwinobwino tsiku loyamba lomwe, zazitali, zosalala, nsonga zofiira psuu, ndipo ndinkadziwa kuti amayi akakulitsa chithunzi amathera pamenepo. Ndinkaganiza kuti ku Joni kuli mwana wina ngati ine, amene amakwera mumtengo kukathyola zipatso za keke, ndipo sopo amamukananso. Ndinkamumvera chisoni.