Monita Itazima ku Nsaru

Kompyuta imene inkatidyetsa kunyumba kwathu ku Nsaru sinali yatsopano. Anatipatsa ndi mchimwene wanga amene ankagwira ntchito m'tauni, mabwana ake atayamba kuchotsa zipangizo zakale mu ofesi. Ndinabwera nayo pa minibasi, bokosi lake lili pamiyendo panga, monita nditaikulunga m'chitenje n'kuipanikiza pakati pa mabelo a shuga. Ndinaiika pabalaza, patebulo limene tinkadyerapo, ndipo ndinadziphunzitsa kutaipa ndi zala ziwiri. M'kupita kwa nthawi aphunzitsi a m'masukulu oyandikira anayamba kundibweretsera mayeso olemba pamanja kuti ndiwataipire. Ena ankabwera ndi makadi a ukwati, ena nyimbo za kwaya.

Amuna anga anali okonza mawailesi ndi mawailesi akanema. Malo awo anali pakhonde la golosale ina pamsika, ndipo anthu ankachokera ku Kabudula ndi kumaesiteti a fodya kudzawasiyira katundu wawo. Koma chaka chimene ndikunenachi anali atadwala sitiroko. Anagwa m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Titatuluka m'chipatala, mwendo unayamba kukoka pang'onopang'ono, koma dzanja lamanja linangolendewera. Mawu nawo ankabwera movutikira, ndipo nthawi zina ankatuluka ena osakhala amene iwo akufuna. Ankati akafuna madzi n'kunena kuti mpando, kenako n'kukwiya poona ndikuwakokera mpando. Mapeto ake anangosiya kulankhula. Tsiku lonse ankakhala pakhonde n'kumayang'ana njinga zodutsa pamsewu. Bokosi lawo la zipangizo ndinalikankhira kunsi kwa bedi, chifukwa akaliona nkhope inkasintha.

Monita inayamba kuvuta m'nyengo yozizira, sukulu zitatsala pang'ono kulemba mayeso otsekera teremu. Poyamba inkangochedwa kuyaka m'mawa. Ndinkadina batani, kanyali kake n'kumaphethira, ine n'kupita kukasesa panja, pobwera n'kupeza yayaka. Kenako inayamba kuonetsa chithunzi kanthawi kochepa n'kuchita mdima. Ndinkaizimitsa n'kuiyatsanso, n'kuthamangira kutaipa mawu angapo isanadenso. Tsiku lina inakaniratu. Bokosi la kompyuta linkalira monga mwa masiku onse, koma galasi linali bii.

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinazula chingwe cha buluu cholumikiza monita ndi bokosi, ndinauzira fumbi m'timabowo take, n'kuchibwezera. Ndinasintha soketi. Ndinatenga chingwe cha magetsi cha ketulo n'kuyesa nacho. Ndinaimenya pambali ndi chikhatho ngati mmene tinkachitira ndi wailesi ya bambo anga. Palibe chinasintha. Mapepala a mayeso anali ataunjikana pampando, ndipo aphunzitsi aakulu a sukulu ina anali atafika kale kawiri pa njinga yawo kudzafunsa. Kupita nayo m'tauni kukanatanthauza kuwasiya amuna anga okha tsiku lonse, ndipo okonza akumeneko akanatha kuisunga mpaka mayeso atadutsa.

Ndinakhala pansi n'kugwira tsaya. Ndipamene ndinamva mawu kuchokera pakhonde.

"Tochi."

Ndinayesa ndi mawu osokonekera aja, poti dzuwa linali pamutu. Ndinatuluka n'kufunsa, "Mukufuna madzi kodi, bambo?"

Anapukusa mutu. "Tochi," anabwereza. Analoza m'nyumba ndi dzanja lamanzere. "Galasi. Unikani."

Ndinatenga tochi, ndinatseka makatani, n'kuyatsa kompyuta. Galasi lili bii choncho, ndinagunditsapo tochiyo n'kuyang'anitsitsa chapambali. Ndinaona zilembo. Zinali zosaoneka bwino, ngati nsomba za pansi pa dziwe la matope, koma zinalipo: funso la masamu limene ndinalisiya dzulo lake.

"Zikuoneka," ndinawauza. "Koma patali."

Anali atafika pakhomo, atatsamira felemu. Anandifotokozera mawu amodziamodzi, ine n'kumalumikiza. Kompyuta ilibe vuto. Galasi ndi lamoyo. Kumbuyo kwa galasilo kuli nyali, ndipo nyalizo sizikulandira moto wokwanira. Aka kanali koyamba kulankhula zambiri chotero chidwalireni.

"Tsegulani," anatero.

"Ine? Ndingaononge."

Anandiyang'ana, kenako anati ndiwapatse sikuludiraiva. Ndinakoka bokosi lija kunsi kwa bedi, ndinapukuta fumbi, n'kuika monita chafufumimba patebulo. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Sikuludiraiva inkaterereka, monita inkathawa poti panalibe dzanja loigwira. Nditafuna kuwagwirira anandikankha ndi chigongono. Anayesanso, chitsulo chinaterereka n'kukanda pulasitiki mzere wautali. Anaiponya pansi sikuludiraivayo n'kupita kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye, ndipo ine ndinadandaula kuti ndatulutsiranji bokosilo.

M'mawa mwake ndinayala mkeka pakhonde pafupi ndi mpando wawo. Ndinabweretsa monita, bokosi la zipangizo ndi mbale yoikamo masikuluwu. Ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Ine nditsegula," ndinatero. "Mukapanda kundiuza chochita, ndiononga inu mukuona."

Anatembenukira kumsewu. Ndinamasula sikuluwu yoyamba, yachiwiri. Nditatenga mpeni kuti ndikanule pulasitiki pakati penipeni, anadzuma.

"Ayi. Pakona."

Tinayamba choncho. Anandionetsa polowetsa mpeni, ndipo timano togwira chivundikiro tinayamba kumasuka tikulira ngati mtedza ukuswedwa. Ndikamva kulirako ndinkaima, koma iwo ankangogwedeza mutu kuti pitirizani. M'kati munali chibokosi chachitsulo, ndipo m'menemo munali mabolodi awiri obiriwira. Nditatambasula dzanja, anandigwira pamkono mwamphamvu. Anati ngakhale chingwe chili chozula, muli kanthu kamene kamasunga moto ndipo kangandigwedeze. Anandilozera kanthu kakakulu kakuda kooneka ngati kamgolo, n'kundiuza kuti tidikire, ndipo ngakhale titadikira ndisakakhudze miyendo yake.

Tili chidikirire, ndinawapangira tiyi. Atamwa anati ndiwabweretsere bolodi pafupi ndi maso. Anaitembenuzira kudzuwa n'kuloza timigolo tating'ono tondandalikana m'mphepete.

"Makapasita," anatero. Mawu amenewa anatuluka bwinobwino osapunthwa, ine mpaka ndinadabwa.

Anandiuza kuti ndipapase pamwamba pake. Ena anali osalala, koma atatu anali otupa ngati chithupsa, ndipo imodzi inali itatulutsa zinthu zofiirira zimene zinauma pamutu pake. Amenewo ndiwo anali odwala.

Atsopano panalibe kowagula pa Nsaru. Koma kuseri kwa nyumba kunali katoni ya zinthu zakufa zimene eni ake sanabwerenso kudzatenga: mawailesi opanda zokuzira mawu, madividi, wailesi yakanema yopsa ndi mphezi. Ndinakhuthulira zonse pamkeka. Pa kapasita iliyonse pamalembedwa manambala, ndipo tinkafunika kupeza ofanana ndi a zotupa zija. Apa panali ntchito. Maso anga saona tizilembo tating'ono, pamene awo ankaona bwino koma pakamwa pankawapusitsa. Ankawerenga nambala ina n'kutchula ina. Kenako tinapeza njira. Ndinkawayandikizira bolodi, iwo n'kugogoda ndi chala pa imene yayenera. Tinawapeza m'dividi ina imene mphemvu zinali zitamangamo mudzi.

Nditati ndilumikize chowotcherera kumagetsi, ndinapeza magetsi azima. Ndinafuna kulira. Iwo anavundukula pansi pa bokosi n'kutulutsa chowotcherera china chakale, chamutu wa kopa ndi chigwiriro chamtengo. Ichi ndinkachidziwa. Anachipeza ali mnyamata pa esiteti ina cha ku Namitete, kumene makolo awo anabwera kuchokera ku Mulanje kudzalima fodya ngati matenanti. Kumeneko kunalibe magetsi, ndipo anaphunzira kukonza mawailesi a mabatire akutenthetsa chitsulocho pamoto. Ndinakoleza mbaula n'kuchisomeka m'makala.

Kuwotcherera n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Chitsulo chikatentha kwambiri chimapsereza bolodi, chikazizira mtovu susungunuka. Iwo ankachiyandikiza patsaya kuti amve kutentha, n'kundipatsa. Ndinkasungunula mtovu kumbuyo kwa bolodi uku ndikukoka kapasita ndi zala, ndipo ndinapsa chala chachikulu mpaka chinatuwa. Iwo anaika dzanja lawo lamanzere pa bolodi kuti isasunthe, n'kumati, "Tsopano. Chotsani. Dikirani." Nthawi ina anafuna kunena kuti onjezerani mtovu koma anati onjezerani mchere. Ndinadziluma milomo kuti ndisaseke, ndipo iwo anachita ngati sanamve.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Tinalowa m'nyumba, ndinalumikiza zonse chivundikiro chisanabwezeredwe, n'kuima patali monga anandiuzira. Ndinadina batani ndi kamtengo. Galasi linawala, ndipo ndinali nditayamba kale kuwomba m'manja pamene panamveka phuu. Kautsi konunkha kanatuluka, timapepala tinauluka, galasi linadanso.

Ndinazimitsa pasoketi n'kukhala pansi. Ndinkaopa kuwayang'ana. Kenako ndinamva kaphokoso kachilendo, ndipo nditatembenuka ndinapeza akuseka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika.

"Chadodolido," anatero.

Kapasita ili ndi mwendo wa kuno ndi wa uko, ndipo pambali pake pali mzere wosonyeza mbali yoyenera. Imodzi ndinaiika motembenuza, ndipo iwo sanaone chifukwa nthawi imeneyo dzanja langa linawatchinga.

"Inenso," anapitiriza akudziloza pachifuwa. "Wailesi ya kapitawo. Phuu. Ndinathawa. Ndinagona m'chigafa."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo pa zaka zonse za ukwati wathu. Anaifotokoza pang'onopang'ono, ine ndikuwathandiza mawu akasowa, ndipo tinaseka mpaka mayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kuti aone chachitika n'chiyani.

Tsiku lotsatira tinabwereranso kukatoni ija. Tinapeza kapasita ina m'wailesi yakanema yopsa ndi mphezi. Ulendo uno ndinawaonetsa mzere uja ndisanawotcherere, iwo anayang'ana, anayang'ananso, kenako n'kugwedeza mutu. Anandiuza kuti ndipukute bolodi ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti pamene panaphulikira paja. Magetsi analipo, choncho tinagwiritsa ntchito chowotcherera chamagetsi, ndipo dzanja langa linali litayamba kuzolowera.

Nditadina batani, galasi linawala. Sindinawombe m'manja. Tinadikira kuti lizime, koma silinazime. Funso la masamu lija linali pomwepo, lowala kuposa mmene linkaonekera miyezi yonse ija. Iwo anati ndiisiye iyake mpaka madzulo ndisanatseke chivundikiro, ndipo anakhala pomwepo akuilondera, nthawi ndi nthawi n'kumanunkhiza. Mayeso ndinawamaliza sabata yomweyo, chala chili chomanga ndi kansanza.

Sindinganene kuti anachira. Dzanja lija silinabwererenso, ndipo masiku ena ankadzuka ali okhumudwa osafuna kuona munthu. Koma bokosi la zipangizo linakhazikika pabalaza. Patapita masabata angapo, bambo wina wa ku esiteti anaima ndi njinga pakhomo pathu, wailesi ataimangirira pakaliyala ndi mphira. Anati anakawafuna kumsika koma anamva kuti akudwala, ndiye anangoti adzawaone. Ndinayamba kumufotokozera kuti ntchito ija anasiya.

"Tsitsani," anatero amuna anga ali pampando wawo.

Bamboyo anayang'ana dzanja lolendewera lija, n'kuyang'ana ine. "Akonza ndani kodi, mayi?"

"Tsitsani muone," ndinamuyankha.

Wailesi imeneyo inali ndi waya woduka basi, ndipo anabwerera nayo ikuimba. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, makamaka pa tsiku la msika. M'mawa ndinkataipa, masana tinkayala mkeka. Tinkakangana kawirikawiri, chifukwa ankati mtovu wanga ndimaunjika ngati ndikumata khoma, ndipo ine ndinkati mwini luso angathe kudzichitira yekha. Zina zinkatikanika n'kuzibweza kwa eni ake. Mawu awo ankamasuka kwambiri akamakamba za mawaya, ndipo adokotala atamva zimenezi pa tsiku lokawaonanso kuchipatala anati tisasiye.

Mvula itayamba, anandiuza kuti akufuna kukaona khonde lawo lija kumsika. Ndinaitana wakabaza, tinawakweza, ine ndikuyenda pambali nditawagwira kumsana. Pamalo pawo tinapeza pali mayi wogulitsa tomato. Anamupatsa moni, anacheza ndi mwini golosale, ndipo pobwerera anandiimitsa pa sitolo ya zitsulo kuti tifunse ngati angatibweretsere mtovu kuchokera m'tauni, chifukwa wathu unali utatsala pang'ono kutha.