Mikeka Yopendekeka ya Mumzikiti wa Agogo

Agogo anga aamuna amandibwerera m'maganizo ndi fungo la chimanga chopserera. Ankachikazinga m'phale mpaka chide bii, n'kuchisinja, n'kuthira madzi, imeneyo n'kukhala inki yolembera ma aya a Kurani pamatabwa athu. Anali shehe wa mudzi wathu ku Ngauma, ndipo mzikiti anaumanga okha ndi anzawo anayi chaka chomwe tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Poyika maziko analibe chida chilichonse. Anaima m'mawa wina wa Juni, dzuwa lotuluka lili kuphewa lamanja, n'kunena kuti kumene ayang'anako ndiye ku chibula, mbali ya ku Maka yomwe timayang'ana poswali.

Sukulu sankaikonda, ndipo sankabisa. Mng'ono wawo anapita kusukulu ya mishoni ali mwana, n'kubwerako ndi dzina lina, osalowanso mumzikiti. "Sukulu imathera pamimba," ankatero. "Madrasa amakuperekeza mpaka kumanda."

Ine anandilola kufika kalasi yachisanu ndi chiwiri chifukwa cha kulimbikira kwa amayi. Azakhali anga a ku Cuamba atatumiza mawu kuti ndikapitirize kumeneko, agogo anakana kamodzi kokha, osakweza mawu, nkhani n'kuthera pomwepo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinawasungira mkwiyo.

M'masiku omwewo aphunzitsi athu anandibwereka kampasi, kabokosi ka singano yoloza kumpoto, kuti ndikajambule mapu a mudzi wathu. Pamapu aakulu a m'kalasi anali atationetsa kale kuti Maka ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Nditaima kuseri kwa mzikiti, ndinaona kuti khoma lakutsogolo lapotokera kumadzulo, osati pang'ono ayi. Ndinathamangira kwa aphunzitsi. Anandiuza kuti mu Juni dzuwa limatulukira chakumpoto, ndiye aliyense woliyika kudzanja lamanja amakhotera kumanzere.

Ndisaname, sindinakanene mwaulemu. Ndinawapeza agogo pakhonde akusola nsungwi zolembera, pali amalume ndi alendo awiri.

"Agogo, zaka zonsezi mwakhala mukuswalitsa anthu molakwika. Ku Maka si uko."

Amalume ananyamuka kuti andiwombe mbama. Agogo anangokweza dzanja.

"Wakuuza ndani, Asiyatu?"

"Singano iyi."

"Singano ya mphunzitsi wanu wachikhristu uja?"

"Singano ilibe mpingo, agogo."

Anaitenga, n'kuitembenuza uku ndi uku, singano osasintha maganizo. Anaiyika m'thumba la mkanjo. M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Mandimba, kukaiyesa mumzikiti waukulu womwe anauyeza anthu odziwa. Anabwerako madzulo fumbi lili mbuu.

Lachisanu, asanayambe ulaliki, anauza anthu okha kuti anaphonya poyeza, kuti Allah amalandira swala za amene analakwitsa atayesetsa, koma wodziwa saloledwa kupitiriza. Khoma sanagumule. Anakoka chingwe pansi, n'kupendeketsa mikeka yonse kumanja. Madala ena anang'ung'udza mwezi wathunthu, wina mpaka anasamukira kumzikiti wa mudzi woyandikana nawo.

Ine ndinkadikira chilango. Patatha sabata anandiitana.

"Longedza. Upita kwa azakhali ako. Koma umve bwino: kabokosi aka sikanandidzutsepo m'bandakucha kuti ndiswali, ndipo sikadzakudzutsa iwe. Kamangodziwa koyang'ana. Ukasiya swala, ndibwera ndekha kudzakutenga."

Anandikweza panjinga mpaka ku Mandimba, n'kundisiya m'shapa, minibasi yopita ku Cuamba. Atatsika panjinga anagula kampasi yawoyawo kwa wamalonda wina, ndipo anaisunga pamodzi ndi tasibihi yawo, mikanda yopempherera.

Lero ndimaphunzitsa jogalafe ku Cuamba, ndipo swala sindinasiye, ngakhale masiku ena ya m'bandakucha imandipeza ndi ulesi. Mikeka ya kwathu ikadali yopendekeka. Ana obadwa masiku ano amaganiza kuti mizikiti yonse imakhala choncho.

Agogo atadwala matenda awo omaliza anandiitanitsa. Anandipatsa kampasi ija n'kuti, "Amalume akowa sadziwa kuwerenga singano. Uwaphunzitse, asakandigoneke m'manda moyang'ana kolakwika." Tsiku la maliro ndinagwada ndi amalume pabwalo, omwe aja ankafuna kundimenya, ndikuwaonetsa kawiri, katatu. Akazi sitipita kumanda, choncho ndinatsala pakhomo ndi amayi. Kampasi ndiyo inapita nawo.