Mkono wa Amama pa Disiki

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu ku Mchengautuwa inaganiza zojambulitsa nyimbo zake. Nthawi imeneyo yunivesite inkadzaza ophunzira, ndipo timashopu ta makompyuta tinkatseguka paliponse m'tauni. Amayiwo anapeza a Gondwe, bambo wachinyamata amene anali ndi kamera yatsopano, yojambula chithunzi chotambalala, chowala moti ngakhale thukuta la pamphumi linkaoneka.

Amama ankaima kumapeto kwa mzere, kumanzere. Ankaima pamenepo chifukwa cha chifuwa, kuti chikawagwira azituluka osasokoneza anzawo. Tsiku lojambula kunali chifunga ndi kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, koma anaimba nyimbo zonse osatsokomola.

A Gondwe atamaliza kudula ndi kulumikiza zithunzizo, anaitana oimba kuti akaone pa kompyuta. Amama anali atagonekedwa kale m'chipatala, choncho anatuma ine. Ndinawaona ndi maso angawa, atavala duku loyera, akuimba mutu uli chopendekeka monga ankachitira akamatsuka mbale. Ndinathamangira kuchipatala kukawauza kuti aoneka bwino chomene. Anaseka, nati adzadzionera okha akatuluka.

Sanatuluke. Disiki inabwera titaika kale maliro.

Tinakaonera kwa aneba Lamulungu masana, adada atavala jekete ngati akupita kukachezera munthu. Nyimbo inayamba. Amayi a pakati anaoneka bwinobwino, mayi busa, msungichuma, onse. Kumanzere kunali mkono wokha, ukulowa ndi kutuluka poomba m'manja. Ndinauzindikira ndi chipsera cha mafuta okazingira mandasi. Tinadikira nyimbo yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza. Mkono basi.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka kushopu. A Gondwe anandifotokozera maso ali pa kompyuta. Anati chithunzi cha kamera yawo n'chotambalala, pomwe ma TV a m'makomo mwathu anali aja onga bokosi. Poika pa disiki panali njira ziwiri: kusunga chithunzi chonse, pamwamba ndi pansi n'kutsala mizere yakuda, kapena kudula m'mbali kuti chidzaze galasi lonse.

"Anthu akaona zakudazo amati ndawaonongera ntchito," anatero. "Ndiye ndimadula. M'mphepete simuima anthu ofunika, mphwanga. Ofunika amaima pakati."

Ndinawapempha kuti apange ina yosadula. Anati zoyambirirazo anafufuta kale, kompyuta inadzaza. Inali nyengo yoti ophunzira a ku yunivesite akulandira mapepala awo, ndipo aliyense ankafuna kanema wake atavala mkanjo.

Ndinawatukwana. Mawu ake sindingawalembe pano. Adada atamva sanandimenye, anangoti mwana wa m'nyumba mwawo satukwana wamkulu, ndipo anandiperekeza kukapepesa. Ndinapepesa. A Gondwe anavomera m'Chitumbuka kuti "yewo" osatembenuka n'komwe. Titatuluka panja, adada anaima n'kumanga mabatani a jekete.

"Iwe wapepesa," anatero chapansipansi. "Iye sanapepese. Chiuta waona."

Anthu amandidziwa ngati munthu wosafulumira kuweruza, ndipo ndayesetsa kukhala wotero. Nkhani iyi ndaipempherera zaka zambiri, koma mkwiyo wake sunandichoke. Kulakwitsa pa makina n'kwa aliyense. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu uja sanalakwitse. Anasankha, atadziuza yekha kuti amene akuwadulawo alibe wowafunafuna. Sanafunse aliyense, ndipo sanadikire kuti eni ake aone disiki asanafufute.

Mwana wathu wamkazi atabatizidwa, ndinakhala pambali pa wojambula mpaka ntchito inatha. Ankafuna kudula m'mbali kuti kanemayo azikwana bwino pa foni. Ndinakana, iye n'kumandiona ngati wovuta. Mkazi wanga, malemu Wezi, sankakonda kamera. Pa phwando lonse la tsikulo amaoneka kamodzi kokha akuseka momasuka, pakona penipeni, akuthirira alendo tiyi. Mwana wanga amaimitsa kanemayo pamenepo, n'kuika chala pakonapo.

Ndazindikira tsopano kuti munthu woima m'mphepete amakhala ndi chifukwa chake, ndipo kunyumba kuli wina amene akudikira kuona iyeyo, osati a pakati. Disiki ya amama ndikanali nayo. Ndikaiika, kumaso kwanga kumatenthabe, koma ndimaonera mpaka kumapeto, maso ali kumanzere.